Makorali a m'thanki yanga safuna madzi osinthasintha

Munthu akandifunsa kuti angayambe bwanji kusunga makorali m'nyumba, ndimayamba ndi kumuuza kuti korali ndi nyama. Ambiri amadabwa chifukwa amamuyesa mwala kapena duwa. Ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi, kalikonse kali ndi kakamwa pakati ndi timanja tozungulira kakamwako. M'thupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya kukakhala kuwala n'kumagawana ndi koraliyo. Mitundu yolimba ya makorali imatenganso kashiyamu ndi kaboneti m'madzi n'kumamangira chigoba chake. Ndiye mukaika korali m'thanki, kuwala kwake, madzi ake ndi zomangira thupi lake zonse zili m'manja mwanu.

Kunyanja yamchere kumene makorali amachokera, madzi ndi ochuluka moti mchere wa lero ndi womwewo wa mawa. M'thanki zinthu zimasintha pa maola ochepa. Pa zaka zimene ndasunga yanga, ndaona makorali akupirira madzi amene sali bwino kwenikweni, bola akhale choncho tsiku ndi tsiku. Amene amawapha ndi madzi oti lero ali apa, mawa ali apo.

Thanki yanga ndi ya malita pafupifupi 200, ndipo pansi pake m'kabati muli ina yaing'ono, sump, mmene mumakhala zipangizo. Ena amati woyamba kumene ayambe ndi kathanki ka malita 30. Ine sindigwirizana nazo. Madzi ochepa amatentha msanga, amazizira msanga, ndipo kansomba kamodzi kakafera kuseri kwa mwala madzi onse awonongeka usiku umodzi. Ganiziraninso za kulemera. Lita imodzi ya madzi amchere imapitirira pang'ono kilogalamu, ndiye mukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, thanki ngati yangayi imadutsa makilogalamu 250. Choikapo chikhale cholimba, chosapendekeka, ndiponso kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Mukadzaza madzi simudzaisunthanso.

Madzi a pampopi sindiwathira m'thanki ngakhale pang'ono. Amaoneka oyera, koma amatha kukhala ndi klorini, phosphate, silicate, nthawi zina ndi kopa (mkuwa) wochokera m'mapaipi, ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi shirimpi ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Ndimasefa madzi ndi makina a RO/DI, ochotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi, ndipo kachipangizo koyezera TDS, kuchuluka kwa zosungunukazo, kamayenera kuonetsa 0. Kakayamba kuonetsa 1 kapena 2, ndimadziwa kuti zosefera zatopa. Mchere wake si wa kukhitchini, ndi wopangidwira mathanki a makorali. Ndimathira mchere m'madzi, osati madzi pa mchere, magalamu 35 mpaka 40 pa lita kutengera mtundu wake, n'kusiya kapampu kakutakasa m'mgolo mpaka madzi atayera mbee ndi kufika pa kutentha kofanana ndi kwa m'thanki. Chimene ndimafuna ndi 35 ppt, kutanthauza magawo 35 a mchere pa magawo 1,000 a madziwo, imene pa zoyezera zambiri ndi 1.026. Ndimayeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, koma nayonso imasokera, choncho ndimaiwongola pafupipafupi ndi madzi ake apadera a 35 ppt.

Apa pali nkhani imene oyamba ambiri saimvetsa msanga. Madzi akamauluka ngati nthunzi, mchere umatsala. Thanki yanga imataya malita awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo kukatentha kuposa apo. Mukabwezeretsa ndi madzi amchere, mchere uzingokwera osadziwa. Obwezeretsa akhale opanda mchere, osefedwa aja. Poyamba ndinkathira ndi dzanja, nditalemba mzere pa galasi la sump, m'mawa ndi madzulo. Kenako ndinagula kapampu kokhala ndi sensa kamene kamathira kokha madzi akatsika pang'ono. Pa zipangizo zonse zimene ndinagula, kameneka ndi kamene ndinaona kusintha kwake pa makorali mofulumira: anayamba kutambasuka tsiku lonse m'malo mofota madzulo.

Thanki yatsopano siilandira nsomba. Zinyalala za nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo pamafunika mabakiteriya omusandutsa nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, imene siivulaza ikakhala yochepa. Mabakiteriyawa amakhala pa miyala ndi mumchenga, ndipo kuti achuluke zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ine ndinaika miyala youma, mabakiteriya a m'botolo ndi madontho a amoniya, n'kumayeza mpaka amoniya ndi nitrite zonse zitabwerera pa 0. Palibe chifukwa chozunzira nsomba yamoyo kuti iyambitse ntchito imeneyi.

Zitatha izi thanki inanyansa. Mchenga woyera uja unakutidwa ndi fumbi lofiirira, ma diatom, amene amadya silicate. Atachoka panabwera ndere zobiriwira zaubweya, kenako zigamba zofiira zoterera pa mchenga. Mtima umauma nthawi imeneyi, ndipo m'pamene anthu amagula mankhwala motsatizana, aliyense akulonjeza kuyeretsa thanki. Ine ndinkangopala galasi, kuzula ndere ndi dzanja, kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi mlungu uliwonse, ndi kuika nkhono: Trochus zodya ndere pa miyala, Nassarius zokhala mumchenga zimene zimatuluka zikamva fungo la chakudya. Patapita miyezi, timadontho tolimba tapinki tinayamba kuoneka pa miyala ndi pa mapampu. Ndi coralline, ndere zabwino zomanga ndi kashiyamu, ndipo zikayamba kumera mumadziwa kuti thanki ikukhazikika.

Za zipangizo sindinena zambiri, chifukwa ogulitsa adzakuuzani zochuluka kuposa zimene mukufuna. Skimmer imapopera timathovu m'madzi, zinyalala zimamatirira ku timathovuto n'kukwera m'kapu. Mukatsegula kapuyo mumapeza madzi akuda, othithikana, onunkha moti mumatembenuza nkhope, ndipo mumazindikira kuti zonsezi zikanawolera m'thanki. Hita ndimaiika pa madigiri 25, ndipo ndili ndi kachipangizo kena kozimitsa magetsi ake kutentha kukapitirira, chifukwa hita ikamafa nthawi zambiri imakakamira ili yoyaka. Kukatentha kwambiri, fani youzira pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena ziwiri. Madzi akakhala pa 29 kapena 30 masiku angapo, korali amataya ndere za m'thupi mwake n'kuyera, monga zimachitikira kunyanja madzi akatentha.

Mapampu oyendetsa madzi m'thanki anthu amawapeputsa. Korali sayenda, ndiye chakudya ndi mpweya zimamupeza ndi madzi, ndipo zonyansa zake zimachoka ndi madzi omwewo. Ndinaika awiri moyang'anizana kuti madzi aziwombana n'kumayenda mosokonekera. Timanja ta korali tiziweyuka uku ndi uku, osati kukanikizidwa mbali imodzi. Nyale za LED za masiku ano ndi zamphamvu kwambiri, ndipo ndaona makorali ambiri akupsa kusiyana ndi ofa ndi mdima. Kuwala kofika pa korali kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa PAR. Makorali ofewa, opanda chigoba cholimba, amakhutira ndi PAR ya 50 mpaka 150, pomwe a nthambi monga Acropora amafuna 200 mpaka 350. Korali watsopano ndimamuika pansi kaye, n'kumamukweza pang'onopang'ono pa milungu. Nyale ndikaikonza, ndimaisiya choncho.

Makorali anga oyamba anali ofewa: Discosoma, Zoanthus ndi Sarcophyton mmodzi wooneka ngati bowa wamkulu. Tsiku lina Sarcophyton uja anabweza timanja take tonse, n'kuyamba kunyezimira ngati wapakidwa phula. Anakhala choncho masiku angapo. Ndinayeza madzi, zonse zinali m'malo mwake, ndiye ndinangomusiya, kupatula kulozetsa pampu pang'ono mbali yake. Kenako kakhungu kopyapyala kanayamba kusupuka m'mbali, madzi n'kukatenga, ndipo m'mawa mwake timanja tinatuluka tonse, ali wamkulu kuposa kale. Mtundu umenewu umafundula kuti uchotse ndere ndi zinyalala pathupi pake. Akanasunthidwa uku ndi uku pomufunira malo abwino, akanatseka nthawi yaitali.

Pa Zoanthus ndi abale ake a Palythoa, chonde mverani. Ena mwa iwo ali ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni woopsa kwambiri wopezeka m'chilengedwe. Imalowa pabala, m'maso, ngakhale popuma. Pali mabanja amene anagonekedwa m'chipatala onse chifukwa wina anawiritsa mwala wa m'thanki kapena kuukwecha ndi bulashi m'nyumba. Musawiritse mwala wa m'thanki, musauthire madzi otentha. Ndikamawagwira ndimavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo ana ndi ziweto sayandikira chidebe chimene ndagwiritsa ntchito.

Nkhani inakula nditayamba kusunga olimba: Euphyllia, amene ambiri timangomutcha hammer, Duncan, Caulastrea, kenako Montipora. Apa m'pamene ndinadziwa alkalinity. Ndi muyezo wa kaboneti amene ali m'madzi, ndipo ndi amene amatha msanga kuposa china chilichonse, chifukwa m'madzi ndi wochepa poyerekeza ndi kashiyamu. Amayezedwa mu dKH, ndipo m'nyanja ali pafupifupi 7 dKH. Osunga ambiri amamusunga pakati pa 7 ndi 9, kashiyamu pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni), magineziyamu pakati pa 1250 ndi 1350 ppm. Poyamba kusintha madzi mlungu ndi mlungu kunkabwezeretsa zonse. Koma Montipora atayamba kukula, m'mphepete mwake mukuoneka mzere woyera wa chigoba chatsopano, ndinaona m'kope langa lolembamo miyezo kuti Lolemba ndikulemba 8.3, Loweruka 7.1. Kusintha madzi kunkamukweza, mlungu n'kumutsitsanso. Hammer anayamba kukwinya, mnofu wake ukubwerera m'mwamba n'kusiya chigoba poyera.

Chimene ndinachita ndi kuyeza nthawi yomweyomweyo masiku otsatizana, osathira kanthu, kuti ndidziwe kuchuluka kumene makorali akudya pa tsiku. Nditadziwa, ndinayamba kubwezeretsa kuchuluka komweko tsiku lililonse, kenako ndi kapampu kodontheza pang'onopang'ono usana ndi usiku. Njira zilipo zingapo. Ina ndi kalkwasser, madzi a laimu, imene inafala kuchokera kwa osunga a ku Germany. Imakwezanso pH, muyezo wa asidi m'madzi, ndiye imayenera kulowa modontha. Ina ndi ya Hans-Werner Balling, yothira kashiyamu ndi kaboneti m'mabotolo osiyana. Mabotolo awiriwa musawathire pamodzi kapena malo amodzi nthawi imodzi, chifukwa zimagwirana n'kusanduka fumbi loyera lopanda ntchito. Ndipo ngati kashiyamu ndi alkalinity zikukana kukwera ngakhale mukuthira, yezani magineziyamu, chifukwa akachepa ziwirizi zimagwa m'madzi zisanafike kwa korali.

Mudzamva wina akuti thanki yake ili pa 9.5 ndipo makorali ake ndi okongola, wina akuti yake ili pa 7.2 ndipo ake ndi okongolanso. Onse akunena zoona. Musakweze yanu usiku umodzi kuti ifanane ndi ya mnzanu. Ine ndinasankha 8, ndipo ikasokera ndimaibweza osapitirira theka la dKH pa tsiku. Acropora akakumana ndi kudumpha kwakukulu amatha kusupuka mnofu kuchokera pansi, tsiku limodzi lokha n'kutsala chigoba choyera. Muyezo ukakupatsani nambala yodabwitsa, yezaninso musanathire chilichonse, ndipo onani tsiku limene mankhwala oyezerawo akutha mphamvu. Kope ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Nambala ya tsiku limodzi siikuuzani zambiri, koma za mwezi wathunthu zimakuonetsani kumene thanki ikulowera.

Madzi oyeretsetsa nawo ali ndi vuto lake. Nthawi ina nitrate ndi phosphate zanga zinatsika mpaka 0, poti nsomba zinali zochepa ndipo skimmer inali yamphamvu. Makorali anatuwa, ndipo pa mchenga panabwera zonanda zofiirira zokhala ndi timathovu, zimene zinkachepa usiku n'kubwerera nyale zikayaka. Anali ma dinoflagellate, ndipo ena mwa iwo ali ndi poizoni wopha nkhono. Anachoka nditawonjezera chakudya cha nsomba, kuchepetsa skimmer, ndi kulola kuti nitrate ikhale pakati pa 5 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1. Ndere za m'thupi mwa korali zija nazo zimafuna kudya.

Nsomba ndili nazo zochepa ndipo ndinaziika imodzi imodzi, motalikitsa, kuti mabakiteriya azipeza nthawi yochuluka. Ndinayamba ndi ma clownfish awiri a mtundu wa Amphiprion ocellaris, obadwira m'thanki. Ndinawatenga ali aang'ono, ndipo wamkulu mwa awiriwo ndi amene anasanduka wamkazi, monga zimakhalira pa mtundu wawo. Safuna anemone, nyama yooneka ngati duwa imene amakhalamo kunyanja, kuti akhale ndi moyo; anga anasankha kugona m'timanja ta hammer. Anemone amafuna thanki yokhwima, amayendayenda n'kumawotcha makorali, ndipo akalowa m'pampu madzi onse aipa. Tang amafuna malo aatali osambira, ndiye m'malita 200 sindimusunga, ngakhale kukongola kwake kumandikopa. Mandarin amadya tizilombo tamoyo, ma copepod, tsiku lonse, ndipo m'thanki yatsopano amawonda mpaka kufa. Ikaninso chivindikiro cha ukonde. Firefish ndi wrasse zikadzidzimuka zimadumpha.

Nsomba yatsopano siilowa m'thanki yaikulu isanakhale payokha milungu inayi. Kathanki kake ndi kosavuta: hita, kasefa ka siponji, ndi zidutswa za paipi zobisalamo. Chifukwa chake ndi matenda a timadontho toyera, Cryptocaryon irritans, ndi ena oopsa kuposa amenewa, Amyloodinium, amene amapha pa masiku ochepa. Timadontho tija tikazimiririka anthu amati nsomba yachira, koma tizilombo tangogwa pansi kukaswana, ndipo timabwerera tochuluka. Mankhwala amene amatipha ndi a kopa, ndipo kopa sangalowe m'thanki ya makorali. Matendawa akalowa, mumayenera kugwira nsomba zonse pakati pa miyala, kuzichiritsa kwina, ndi kusiya thanki yopanda nsomba masiku 76, monga osunga ambiri amachitira, kuti tizilombo tife ndi njala. Nsomba ina imene ndinagula inatuluka timadonthoto ili m'kathanki kaja, pa mlungu wachiwiri. Ndinaichiritsira momwemo, ndipo za m'thanki yaikulu sizinakhudzidwe.

Makorali atsopano nawo ndimawaviika m'mankhwala ake kwa mphindi zimene zalembedwa pa botolo, m'chidebe choyera kuti ndione zimene zikugwa. Zimagwa ndithu: timinyolo taphanthiphanthi, tinkhono, nthawi zina kankhanu. Mankhwalawa sapha mazira, choncho ndimayang'ana pansi pa kachotengera ka korali ndi tochi, ndipo kawirikawiri ndimakachotsa n'kumata koraliyo pa kena katsopano. Chimene chimalowabe ngakhale musamale ndi Aiptasia, ka anemone kofiirira kamene kamawotcha makorali oyandikana nako. Musakang'ambe, chifukwa chidutswa chilichonse chimamera. Kakadali kamodzi ndimakabaya ndi phala la kalkwasser pakamwa, mapampu nditazimitsa. Tikachuluka, shirimpi za peppermint kapena tinkhono topanda chigoba ta Berghia timathandiza. Siyaninso mpata pakati pa makorali. Tsiku lina usiku ndinawalitsa tochi n'kuona hammer atatulutsa timanja tatalitali, tosiyana ndi ta masana, tikufika pa mnzake amene ndinkayesa ali patali. M'mawa mbali imeneyo inali itayera.

Magetsi akazima, choopsa choyamba si mdima. Makorali amapirira masiku angapo opanda nyale. Choopsa ndi kuima kwa madzi, chifukwa okosijeni amatha pa maola ochepa ndipo nsomba zimayamba kupumira pamwamba. Ndili ndi kapampu ka mpweya ka mabatire ndi batire yoyendetsa pampu imodzi ya m'thanki, ndipo ndimaziyesa nthawi ndi nthawi. Zikasowa zonse, kutunga madzi ndi jagi n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kumapulumutsa. Yesaninso kuzimitsa pampu yobweza madzi dala, muone ngati sump ikukwanitsa kulandira madzi onse otsika osasefukira. Mawaya onse azilendewera pansi kaye asanakwere ku soketi kuti dontho lisatsetserekere m'magetsi, ndipo pakhale chodula magetsi cha RCD. Mchere umakwawa n'kuuma pa chilichonse choyandikira thanki, ndipo ukanyowa umadutsa magetsi.

Kumene zamoyozi zikuchokera kumandikhudza. Makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko lokhudza malonda a zamoyo zakutchire, kutanthauza kuti sadutsa malire a mayiko popanda zilolezo. Nsomba zina zimagwidwa ndi poizoni ya cyanide, imene imapha matanthwe ndi kuwononga nsombayo m'kati, n'kudzafera kwa wogula. Banggai cardinalfish ya ku Indonesia inaikidwa pa gulu la zamoyo zimene zili pangozi mu 2007, pomwe imaswana bwino m'thanki, yaimuna ikusunga mazira m'kamwa. Ndimafunsa ngati nsomba ndi yobadwira m'thanki, ndipo makorali anga ambiri ndi tizidutswa todulidwa kwa osunga anzanga. Timeneti tinazolowera kale nyale ndi madzi a m'nyumba, ndiye timapirira kuposa ochokera kunyanja. Mukatopa nazo, musakataye chamoyo chilichonse m'nyanja. Ndere za m'thanki za Caulerpa taxifolia zinapezeka m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Monaco mu 1984, ndipo zinafalikira n'kukuta malo aakulu a pansi pa nyanja.

Ndikamachoka pakhomo masiku angapo, sindisintha chilichonse mlungu wonse ndisananyamuke: chipangizo chatsopano ayi, nsomba yatsopano ayi. Ndimadzaza mgolo wa madzi obwezeretsa, ndimatsuka kapu ya skimmer, ndipo chakudya ndimachigawa m'timapaketi ta tsiku limodzi limodzi, chotsala n'kubisa, chifukwa nsomba zimapempha ngati sizinadye ndipo munthu wachifundo amazipatsa. Wondiyang'anirira ndimamupempha zinthu zitatu: aone ngati madzi akuyenda, awerenge kutentha, ndipo akaona chachilendo ajambule anditumizire asanathire kapena kuzimitsa kalikonse.